Wapukuta Nsapato Imodzi Yokha

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, koma mzime wathu uja ndamutulutsa m'chipatala Lachiwiri. Musakwiye.

Adokotala anandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti chotupa chija chafalikira, chatsala n'kumuchepetsera ululu basi. Nanga ululuwo achipatalawo akanaudziwa bwanji? Mwana wa amayiyu, ngakhale wakwanitsa zaka makumi anayi, nzeru zake n'zomwe zija mukuzidziwa, ndipo saphwanya zimene malemu amayi anamuphunzitsa: wamkulu akakufunsa uziti, "Ndili bwino, kaya inu." Anamwino akamufunsa, iye "Ndili bwino," uku akutafuna kolala ya malaya. Iwo n'kumudutsa ndi mankhwala.

Ine ndimadziwa kuti kolala ikalowa m'kamwa ndiye kuti zavuta. Ndazilemba papepala n'kumata kumutu kwa bedi. Anamwino amene amabwera kunyumba Lachisanu ndawauzanso kuti aziyang'ana kolalayo, asamamvere pakamwa pake.

Munati tisamuuze kanthu. Wandifunsa yekha ngati akupita kumene kuli amayi. Sindinamunamize, ndipo sindimubwezanso kuwodi kwa anthu osamudziwa. Ndimusamala ndekha m'chipinda chake chomwechi.

Nsapato zanu zakuda munasiya zija amazipukutabe m'mawa uliwonse, akuti mudzazipeze zikuwala. Lero wapukuta imodzi yokha, burashi n'kumupulumuka m'manja. Inayo wandiletsa kuigwira, akuti aimaliza mukafika.

Musadikire tchuthi, achimwene.

Ndine,
Mlongo wanu