Diso la Bambo a Gloria

Misuku, Chitipa
9 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Lucius,

Foni yanu sindikuyankha dala, chifukwa ndikamva mawu anu ndilankhula zoti mawa ndichite nazo manyazi. Ndiye werengani.

Katochi ka leza kaja munandibweretsera kuchokera ku Tunduma kawononga diso la alamu anu, bambo a Gloria. Munati n'kolozera pa bolodi ndikamaphunzitsa. Nditadandaula kuti kuwala kwake kobiriwirako kukuthobwa m'maso munaseka, mumvekere, "Iwe Phyllis, n'kachidole aka, ngakhale pepala lake likunena kuti n'kopanda mphamvu." Pepalalo ndi labodza, ndipo inu munkadziwa. Paja munayatsa nako machesi pamaso pathu kuti tikutameni.

Loweruka lapitalo alamu anuwo anali pakhonde akusoka mayunifolomu. Kuwalako kunagunda galasi la njinga yamoto ya aneba n'kubwerera m'diso lawo lakumanja. Sanakuwe, anangoti, "Mayi a Gloria, singano sindikuiona." Tinatsika mapiri onsewa mpaka kuchipatala. Adokotala akuti mkati mwa diso mwapsa, ndipo kadontho kakuda kamene akuona pakatipo mwina sikadzachoka. Munthu wasoka zaka makumi awiri, lero ulusi ndikuwalowetsera ndine.

Adokotala atafunsa amene anagwira katochiko, iwo anayankha msanga kuti anali iwo eni. Ananama, achimwene. Ndinali ine. Ndinkathamangitsa nako nkhuku pabwalo, ndikuseka ngati mwana. Apongozi akabwera kudzazonda amandithokoza m'chinenero chawo, amati, "Yewo, mwana wane," poona mmene ndikusamalira mwana wawo, ine n'kumangoyang'ana pansi. Choncho musaganize kuti ndakwiyira inu nokha.

Koma dzulo ndamva kuti katoni ya matochi munabwera nayo ija mukugulitsabe, mpaka kwa ana asukulu, uthenga wathu mutaulandira kale. Mtima wanu ndi wotani kodi? Katochi kanga ndinakaponya m'chimbudzi. Matochi otsalawo muwaphwanye ndi nyundo. Mukapanda kutero, pa Khrisimasi musavutike n'kukwera phiri lino.

Amayi ku Ntcheu musawauze, ndikawauza ndekha. Mundiperekere moni kwa alamu anga a Christina. Bambo a Gloria akuti ndikupatseni moni, akutinso jekete munasiya ija aimaliza ndithu, mungowapirira chifukwa masiku ano akusoka pang'onopang'ono. Moni umenewo ndi wawo. Ine wanga ndausunga kaye.

Ndine mlongo wanu,
Phyllis