Enifa Wandiyambitsira Nyimbo

Lolemba, 8 Malichi 2004
Ndachokera ku Boma koyezetsa magazi. Andipeza nako kachilombo. Sindinadabwe, ndinaona mmene bambo a Tamara anawondera asanatisiye. Mnzanga Enifa anandiperekeza. Titatsika minibasi tinapemphera pansi pa mtengo wa mango, iye mpaka misozi. Akuti, "Izi n'za iwe, ine ndi Mulungu basi."

Lachinayi, 11 Malichi
Titaweruka ku mapemphero a amayi, a Zakeyu, mkulu wa mpingo, amuna ake a Enifa, anandiitanira kuseri kwa tchalitchi. "Mayi, zotsuka zikho za Mgonero mupume kaye. Anthu akudandaula." Anthu ake ati? Ndinauza munthu mmodzi yekha ine.

Lachisanu, 12 Malichi
Ndinamupeza Enifa m'chigafa akusoka fodya. Osadzutsa n'komwe mutu. Akuti, "Ndimangofuna kuti akupempherere." Enifa, iwe amene ndinakuchezera kuchipatala pamene unapita padera!

Loweruka, 13 Malichi
Mwana wanga Tamara wabwera kuchokera kumjigo akulira, anzake akukana kumusenzetsa ndowa. Ndagwada nthawi yaitali. Mawa ndiyankhula ndekha, ndatopa nazo zondiyankhulira ena.

Lamulungu, 14 Malichi
Nthawi ya zolengeza ndinaimirira. Ndinati, "Abale, zimene mwamvazo n'zoona, ndili ndi kachilombo. Koma Yesu anakhudza wakhate ndi dzanja lake, sanamutumize kuseri. Gome ili ndi lake, si la a Zakeyu. Iye sanandichotse."

A Zakeyu anakodola kumbali ya amayi kuti wina ayambitse nyimbo. Ndipo inayambadi. Mawu aja ndingawadziwe ngakhale ndili m'tulo, takhala tikuimba limodzi kuyambira ku Sande sukulu. Enifa.

Ndinakweza mawu, nyimbo ili mkati. Ndinati ngati muno muli wina amene akudwala mobisa, Mulungu sanamutaye. Kaya anamva ndani. Nditakhala pansi, benchi yonse inali yanga ndekha.

Enifa anatulukira khomo la uko.

Lolemba, 15 Malichi
M'mawa ndikusesa pabwalo, ndangoona a Dyna, alongo awo a Zakeyu, aima pa mpanda, mwana kumsana. Sitinacheze chiyambire. Moni sanapereke bwino. Anayang'ana kumsewu kaye, kenako n'kufunsa motsitsa mawu, "Kodi koyezetsako amatsegula nthawi yanji?"

Ndatsamiritsa tsache pakhoma. Ndawauza adikire ndivale nsapato.