Njerwa za Ana Athu

Lachitatu, Okutobala

Lero kwatentha kwambiri, ndipo mtima wanga sunatsikebe.

M'mawa a Kamphinda, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, anabwera pasukulu ndi ngolo za ng'ombe. Akuti njerwa zimene makolofe tinaumba n'kuwotcha zikamangire ofesi ya chipani, kalasi ya Sitandade 5 idikire chaka chamawa. Aphunzitsi aakulu anangowerama n'kuvomera. Sindikuwada, akuopa kuchotsedwa ntchito.

Madzi oumbira njerwazo ndinkatunga kudambo, n'kumakwera nawo phiri chilimwe chonse mpaka khosi kuuma. Ndinkafuna kuti Nelesi wanga asamaphunzirirenso pansi pa mtengo, pomwe mvula ikangoyamba ana amabalalika. Ndiye ndinapita pa uvuni, n'kukhala pansi pomwe akanayambira kupasula.

"Mayi, chokanipo," anatero a Kamphinda. "Mukudziwa kuti kundende ya ku Dzaleka si kutali?"

"Ndikudziwa, bambo," ndinayankha. "Khadi la chipani ndili nalo, ili. Koma njerwa izi n'za ana, ndipo Yosefe wanu ali m'kalasi yomweyo."

Sindinadzuke. Kenaka mnzanga Nabanda anadzakhala pambali panga, amayi ena n'kutsatira. A Kamphinda ataona kuchuluka kwathu anachoka, ngolo n'kubwerera zopanda kanthu.

Bambo a Nelesi akwiya. Akuti ndaika banja lonse pamoto, mawa ndikapepese. Sindikapepesa. Amayi tapangana kuti mawa lomwelo tiyambe kukumba maziko. Ngati abwera kudzanditenga, adzandipeza komweko, khasu lili m'manja.