Duku la Buluu la Amayi Ako

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mkamwini wathuyo. Kuno tilipo, kupatula bondo langali lomwe limalosera mvula kuposa wailesi.

Ndiyambe ndi kuulula. Chithunzi cha malemu amayi ako, chomwe wakhala ukundipempha kuti chidzakhale kutsogolo pa ukwati wako, kulibe. Chinali chimodzi chokha, ndipo denga litadontha chinafufutika. Ndinkangokuuza kuti mawa, mawa, chifukwa cha manyazi.

Koma poti ine ndi amayi ako tinali mapasa, nkhope yawo ndimayenda nayo. Ndinapita kwa mkulu wina wojambula zikwangwani kuseri kwa msika kuti andiphunzitse. Anandipatsa penti wa mitundu inayi basi: woyera, wakuda, wofiira ndi wachikasu. Nditadandaula, anati wophunzira ikamuchulukira mitundu amangokanda matope.

Miyezi itatu ndakhala ndili pa kalilole. Zoyambazo usafunse, china chinatuluka ngati kunsi kwa poto. Mkuluyo ankandikalipira kuti ndisamathamangire wakuda, khungu la munthu lili ndi kufiira ndi chikasu, makamaka pamphumi ndi m'masaya. Dzanja litazolowera, panatsala vuto limodzi: aliyense woona ankati ndadzijambula ndekha. Zinkandiwawa kwambiri.

Ndiye ndinapendeketsa mutuwo monga ankachitira amayi ako akafuna kuseka, n'kukumbukiranso duku lawo la buluu, mtundu womwe ine sindinavalepo. Nditapempha penti wa buluu, mkuluyo anakana kwamtuwagalu. Anati ndisakanize wakuda ndi woyera, ndipake moyandikana ndi kufiira kwa nkhope, diso lidzamaliza lokha. Mumtima ndinati mdalayu mutu sukuyenda, koma ndinamvera.

Lachiwiri ndinaitana bambo ako, omwe sanalepherepo kutisiyanitsa ine ndi amayi ako ngakhale tsiku limodzi. Sindinawauze chomwe ndawaitanira. Atangoona chithunzicho anavula chipewa, nakhala pansi, n'kunena kuti duku la buluulo anagula okha ali pachibwenzi. Kenaka anayamba kulankhula nacho, kumuuza mkazi wawo kuti kamwana kaja kakukwatiwa. Ine ndinalira, ndinasekanso, mpaka anansi anabwera kudzasuzumira.

Ndakwanitsa, mwanawe! Undikhululukire bodza lija. Penti akangouma ndibwera nacho ndekha, ndipo m'basimo chikhala pamiyendo panga ulendo wonse. Uwauze okongoletsa holo asiye mpando umodzi kutsogolo, pafupi ndi iwe.

Upereke moni kwa apongozi ako onse. Mulungu akusunge mpaka tionane.

Ndine mayi ako aang'ono,
wa penti m'zikhadabo.