Njerwa Zimene Msuweni Anamata

Mlongo wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi khanda. Ife kuno tadzuka, kungoti nyumba yathu ikununkha, ndipo ndicho chandilembetsa kalatayi.

Ndikudziwa kuti ukuda nkhawa kuti msuweni wathu Fulumira sadzamaliza kuveka khoma lako njerwa zopyapyala mvula isanagwe. Za kuchedwazo zisiye kaye. Chimene chikundisowetsa tulo ine ndi mbali imene wamaliza kale.

Ndikufotokozere pang'onopang'ono. Khoma lotere amaliyamba ndi zoyera zofewa zija zotchinga kutentha ndi kuzizira. Pamwamba pake pamafunika ukonde womizidwa m'simenti yopyapyala, iume kaye. Kenaka njerwa zopyapyalazo amazipaka zomatira kumsana konse ndi chopakira chamano, kuti pasatsale mphako. Khoma lathu kuno analivekanso ndi Fulumira yemweyo, koma ukonde sanauike. Ankangoika timadontho tisanu ta zomatira kumsana kwa njerwa, n'kuikanikiza, uku akuimba mluzu.

Lolemba njerwa zinayi zinagwa pansi pa windo la kukhitchini, pomwe ndimayanika mbale. Zimene ndinaona kuseriko, mlongo wanga, n'zonyansa. Madzi akuda oterera ankatsika ngati mamina, zoyera zija zitafumbwa, mphemvu ndi mazira ake zili piringupiringu. Fungo lake ngati chikolopa choiwalika m'ndowa sabata yathunthu. Mbale zonse ndinazitsukanso kawiri.

Nditamuitana Fulumira, anabwera akutokosa m'mano. Anati khoma nalonso limafuna kupuma, mphakozo anazisiyira dala. Nditamuonetsa tizilombo tija, anaseka.

“Njerwa ndinamata ine, msuweni, koma mphemvuzi ndi zakukhitchini kwako.”

Tsopano ndiulule. Timadontho timeneti ndinationa tsiku lomwe ankamata, ndipo mtima unandiuza kuti si bwino. Ndinakhala chete chifukwa ndi mwana wa amalume, ndinaopa kuti azakhali adzati sukulu yandipatsa matama. Choipa kwambiri, utandifunsa za mmisiri, ndinamuyamikira ndi pakamwa pangapa. Khoma limene wayambira kwanuko ndi la chipinda chogona khanda. Undikhululukire.

Usangokhulupirira mawu anga, popeza ndinakusokeretsapo kale. Mawa tenga supuni, ugogode njerwa imodziimodzi, pakati ndi m'makona. Yomatidwa bwino imayankha motsitsa, ngati mwala. Ikalira ngati chitini chopanda kanthu, muimitse ntchito tsiku lomwelo, ngakhale akwiye. Amalume akafunsa, uwauze kuti wanena ndi ine. Ndipita ndekha kukawafotokozera.

Undiperekere moni kwa alamu, khandalo ulipsompsone m'malo mwanga. Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wako wamkulu