Nkhupakupa za mbuzi za alamu anu

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Kadewere tilipo, koma alamu anu anatsala pang'ono kutisiya.

Thupi linawatentha sabata yathunthu, mutu ukuwawa, zidzolo paliponse. Mankhwala a malungo sanathandize. Kuchipatala adokotala atawavula malaya anapeza kachilonda kakuda m'khwapa. Anati, "Si malungo awa, analumidwa ndi nkhupakupa." Anawagoneka n'kuwapatsa makapisozi, tsiku lachitatu kutentha kunatsika.

Nkhupakupazo n'za mbuzi zija amazigoneka m'nyumba poopa akuba. Ndinazitulutsa, koma atangochira anazilowetsanso. Fungo la mikodzo lafika mpaka m'zofunda. Zandinyansa, achemwali!

Chonde alembereni, mwina inu akumverani. Akakana, pano m'pamudzi pathu, atenge mbuzi zawozo azikagona nazo kwawo.

Ambuye akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Lusiya