Ndinanyamula Kamphika ka Phala Kupita ku Doha

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Ndine Felista wanu. Ndikulemba ndili kutali, ku Doha, dziko la Aluya, papepala limene ndapempha kwa anamwino. Zilembo zanga ndi zomwe zija za sukulu ya kwacha, zopendama ngati mpanda wakale, ndiye muwerenge mofatsa. Ndili ndi uthenga, koma inu mukundidziwa, sinditha kuyambira nkhani pakati.

Ndinu munayamba kundiuza, ndili mtsikana, tsiku lija tinaperekeza atate ku chipatala cha ku Dedza, kuti munthu akagonekedwa osamusiya m'manja mwa anamwino okha. Munati, "Mankhwala ndi awo, koma phala ndi lathu, kumutembenuza ndi kwathu." Inunso mutadwala ndinachita zomwezo. Milungu itatu ndinagona pansi pa bedi lanu, kuphika ku khitchini ya magadiyani, kukangana ndi amayi a ku Linthipe pa nkhani ya mafuwa. Munapita mutu wanu uli pamiyendo panga.

Chichokereni inu talima kasanu ndi kamodzi. Mbatatesi chaka chatha inachita bwino kudimba, koma chimanga mbozi zinatidyera theka la munda. Denga la khitchini linagwa ndi mvula yoyamba, tinafolera lina. Mtengo wa mapichesi munabzala kuseri uja ukubereka mpaka nthambi kuthyoka, ana a kwa eni akudyera pomwepo. Tiyamike, mdzukulu wanu amene munkamutchula kuti adokotala pamene anali ku sukulu ya unamwino, anabereka mwana wachiwiri, wamwamuna, dzina lake Yamikani. Tsopano ali ndi zaka zitatu. Mlongo wake Takondwa, amene munamusiya akuphunzira kuyenda, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mano akutsogolo anaguluka, koma pakamwa ndiye anatengera ine.

Tiyamike atapeza ntchito ya unamwino ku Doha anandisiyira ana onse awiri, wamng'onoyo atangoleka kuyamwa. Mwamuna wake Lameki anamutsatira, amayendetsa galimoto. Poyamba anali kwa bwana wovuta, koma malamulo atasintha kuti munthu akhoza kusintha ntchito osapempha kalata kwa bwana wake, anapita kwina. Ndiye anapeza nyumba ya zipinda ziwiri kumalo otchedwa Old Airport, nati ana abwere, wowaperekeza ndikhale ine. Anandibayitsa katemera kawiri, ananditola zithunzi, anandipisa kathonje m'mphuno mpaka misozi.

Kutatsala masiku anayi kuti tinyamuke, Lameki anaimba foni. Amayi, mkamwini ameneyu ndi wa ulemu wakale uja. Chikwatireni mwana wanga sanandiyang'anepo m'maso. Ngakhale pa foni yoonana ija, iye amailozetsa kudenga, ine n'kumacheza ndi getsi. Anati, "Agogo, mayi a Takondwa agwidwa ndi kachifuwa. Awayeza, akuti ndi korona, ndiye awagoneka pang'ono kuti aziwayang'anira. Inshallah, pofika inu adzakhala atatuluka."

Ine nditangomva zoti agonekedwa, ndinakhuthula chikwama n'kulongedza za ugadiyani: ufa wa mgaiwa, nsinjiro, kamphika kanu kabuluu kaja, mthiko, beseni, zitenje zinayi. Kuti zikwane ndinachotsa majuzi a ana. Aliyense amene ndinamufunsa pa msika wa ku Bembeke ankati kumeneko ndi kumoto, dzira limapsa pamwala. Palibe ananena kuti nawonso ali ndi nyengo yawo yozizira, ndipo imagwa pamene ife tikupalira chimanga thukuta lili kamukamu. Taganizani, ife a ku Dedza, obadwira m'chisanu, kufika dziko la eni ndi ana ovala timalaya ta manja aafupi.

Tinatera m'mawa. Potuluka pa bwalo la ndege mphepo inatimenya ngati ya mu Juni, koma youma, yamchenga, yoluma m'makutu. Kunyumba sanatilole kupita. Anatikweza basi n'kukatitsekera mu hotela masiku asanu ndi awiri, kuti aone ngati tabwera ndi matenda. Chipinda chinali pamwamba kwambiri, zenera losatseguka, ndipo pakhoma panali chimakina chopuma mphepo yozizira osalekeza. Ndinafunafuna pozimitsira, osapaona, ndiponso ndinkaopa kugwiragwira zinthu za eni. Masiku awiri ana anakhala m'bulangeti, nditawakulunga ndi zitenje za wodwala zija.

Anatithandiza ndi bambo wobweretsa chakudya. Ankasiya thireyi pakhomo, kugogoda, n'kubwerera m'mbuyo. Tsiku lachiwiri anandimva ndikukalipira Yamikani, ndinangomva, "Odi, mayi, kwanu n'kuti?" Anali Juma wa ku Balaka, bambo wa ana anayi, wokhalitsa kuno. Nditamuuza za makinawo anaseka mpaka chophimba pakamwa chinatsika. Anati, "Kabatani kali kuseri kwa katani, mayi. Masiku awiri mwakhala mufuliji ngati nkhuku ya Khirisimasi." Lameki naye anabweretsa majekete, anawasiya kwa alonda pansi, n'kukaima poimika magalimoto akutukula dzanja. Kuchokera pazenera ankaoneka ngati nyerere. Takondwa anamenya galasi akuitana adadi ake. Yamikani anafunsa kuti ameneyo ndani.

Tsiku lachinayi Yamikani anadzuka thupi lili moto. Anakana tiyi, anakana buledi, anangofuna kuberekedwa. Tsono m'mawa uliwonse, cha m'ma 9 koloko, kunkabwera namwino wovala pulasitiki thupi lonse, kuloza kamfuti kake pamphumi pa aliyense n'kulemba. Juma anali atandiuzapo kale, pocheza chabe, kuti munthu akapezeka ndi matenda amamusamutsa pamodzi ndi onse a m'chipinda mwake, masiku n'kukayambira pachiyambi.

Amayi, apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndikuuzani ndekha musanamve kwa wina. Ndinaona kuti kwangotsala masiku atatu. Ndinamuona Tiyamike m'maganizo ali gone pakati pa anthu osamva chinenero chake, wopanda womupukuta pakamwa, wopanda womuperekeza kuchimbudzi, iye amene wakhala akupukuta ana a eni. Ndiye ndinatenga panado m'kachikwama kanga, n'kumumwetsa mwana 8 koloko isanakwane, n'kumuika kansalu konyowa pamphumi mpaka nditamva mapazi pakhonde. Kamfuti kaja sikanaone kanthu. Namwino anati "good" n'kupita. Ndinachita zimenezi masiku awiri. Takondwa ndinamuuza kuti asanene, kuti akanena sitikawaona amayi ake. Mwanayo anangogwedeza mutu. Usana wonse ankakhala pambali pa mlongo wake akumukupiza ndi kapepala, katuni ya pa TV osaiyang'ana n'komwe.

Tsiku lililonse ndinkamufunsa Lameki. Getsi lija linkandiyankha kuti, "Akupezako bwino, agogo. Panopa agona." Ndikati ndipatseni nambala ya kuwodi, ankati mafoni salola. Munkanena inu kuti wodwala amene nthawi zonse amapezeka ali mtulo ukamufunsa, uvale nsalu ukamuone wekha. Mawu amenewa ndinawakumbukira, koma anangondilimbitsa mtima pa kulakwa kwangako.

Masana a tsiku lachisanu ndinamuimitsa Juma pakhomo. Ndinati, "Achimwene, mkuja tikutuluka. Mundiuziretu basi yopita ku chipatala, ndi kumene magadiyani amaphikira. Nanga amagula nkhuni kapena ndi pambaula?"

Ulendo uno sanaseke. Anaika thireyi pansi. Anati, "Mayi, kuno kulibe magadiyani ophika. Ngakhale matendawa asanabwere, khitchini yoteroyo kunalibe. Panopa ndiye khalas, zatheratu, salowa aliyense, mwamuna, mayi, m'busa. A Lameki sanawaone akazi awo chiwagonekereni." Kenako anati, "Ine ndimayesa mukudziwa. Amalawi tonse kuno tikuwapempherera asisitawo pa gulu lathu la pa foni. Ali ku ICU, akupumira makina, kuyambira tsiku lomwe inu munakwera ndege."

Ndinamuthokoza, ndinatseka chitseko bwinobwino. Kamphika kanali patebulo pafupi ndi TV, ufa pambali pake. Yamikani anali pabedi, milomo itauma, akamapuma nthiti zikulowa mkati. Ndinamuotcha mwana masiku awiri chifukwa cha khomo limene silitsegukira munthu aliyense.

Ndinamuimbira Lameki. Ndinati, "Bambo a Takondwa, tembenuzani foniyo mundiyang'ane." Anati, "Agogo, si zoyenera." Ndinati, "Ulemu wanu wandikwana, lero ndikufuna nkhope." Anatembenuza. Amayi, munthu uja ndinamuona bwinobwino koyamba tsiku limenelo, ndevu zosameta, maso ofiira, ali m'galimoto ya kuntchito. Anati, "Ndikanakuuzani mukanakomoka panjira muli ndi ana. Ndinati mufike kaye. Mutafika ndinati mutuluke kaye. Pakamwa panga sipanathe kunena zoterezi kwa inu." Ndinati, "Inenso ndili ndi yanga," n'kulozetsa foni pa mwana. Anayang'ana nthawi yaitali. Anafunsa, "Kuyambira liti?" Nditamuuza, ndi za panado zomwe, anatseka maso. Sanandinyoze. Bola akanandinyoza.

Ndinatsegula chitseko n'kumuitana Juma, anali akugawabe chakudya m'zipinda zina. Ola lisanathe kunabwera ambulansi. Anatitengera tonse atatu ku chipatala cha ana. Atatiyeza, tonse tapezeka nayo korona, ngakhale ine ndi Takondwa sitikumva kanthu m'thupi. Dokotala, mayi wovala mpango kumutu, anafunsa kudzera mwa Lameki pa foni kuti kutenthako kunayamba liti. Ndinanena zoona. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, n'kulemba. Anati chibayo chayamba, koma mpata womuthandiza ukadalipo. Anamuika timapaipi m'mphuno, diripi pa kadzanja, n'kumanga kadzanjako pa kathabwa kuti asazule.

Kuno mwana wamng'ono ndiye amalola kuti munthu wamkulu akhale naye. Anandipatsa mpando wotambasuka pambali pa bedi, Takondwa bedi lake pakona. Phala amabweretsa okha, lotsekemera, m'kapu yovundikira. Ufa wanga uja unatsala ku hotela pamodzi ndi kamphika.

Madzulo, titadya, Takondwa anabwera pafupi n'kundinong'oneza, "Agogo, ineyo sindinanene. Ndiye amami tikawaonabe?" Ndinamuuza kuti akatsuke mano. 

M'mawa wa lero Yamikani anatsegula maso n'kupempha madzi. Anamwa theka la kapu, n'kukankha dzanja langa kuti agwire yekha. Namwino anati kutentha kwatsika. Ndinali ndikumupukuta pachibwano pamene ndinaona munthu pagalasi la chitseko. Anali Lameki. Sindikudziwa kuti anachonderera ndani kuti afike mpaka pamenepo. Anavala malaya oyera a kutchalitchi. Sanagogode. Anavula chipewa, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka anagwada pansi pakhonde, ine n'kumangoona pamwamba pa mutu wake. Kwathu munthu sagwada chonchija m'mawa podzanena kuti wodwala wapeza bwino.

Tinalankhula pa foni, galasi lili pakati. Akuti Tiyamike anatsirizika kukucha, namwino mnzake wa ku Filipinzi atamugwira dzanja. Namwinoyo ndiye anamuuza Lameki pa foni, nayenso mkazi wake sanamuone. Ine sindinalire mokweza chifukwa cha ana. Ndinalowa kubafa, ndinatsegula mpopi, ndinaluma chitenje.

Ndiye uthenga wanga ndi umenewo, Amayi. Mdzukulu wanu ali m'njira. Mumuzindikira, ananenepa pang'ono kuno koma mpata wa kumano ndi wanu womwewo. Musamufunse zambiri lero, watopa. Kaya thupi lipita kumudzi kaya aliika mumchenga muno, sindikudziwa, akuluakulu a gulu la Amalawi akukambirana ndi Lameki. Ine khomo ili sindituluka mpaka atatiyezanso.

Takondwa ali pabedi lake akumwa tiyi, akundiyang'ana ndikulemba. Wandifunsa kale kawiri kuti adadi ake anagwadiranji. Ndikukulonjezani kuti ndikangoika cholemberachi pansi ndimuitana, ndimuuza ndekha, ndi mawu ake enieni. Ndimuuzanso kuti iye sanalakwe kanthu, kaya ananena kaya sananene, kuti wolakwa pa za mlongo wake ndi agogo ake.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Felista